Momwe mungatulutsire version yatsopano osasokoneza ma branch pa pulojekiti ya open source

Vuto lake nthawi zambiri limabwera chonchi. Mwatulutsa 1.4.0 ya pulogalamu yanu, anthu atenga ndipo akugwiritsa ntchito, pakutha sabata wina walemba issue kuti akalemba mawu okhala ndi ng' monga ng'ombe pulogalamu ikugwa. Kukonza kwake ndi mzere umodzi basi. Koma mukatsegula main, branch yaikulu momwe ntchito yonse imalowa, mupeza kuti mwalowa kale zinthu zina zosamalizika, wina wasintha ma table a database, wina anayamba kusintha login nkusiyira panjira, nde mutulutsa bwanji 1.4.1 ya kamzere kamodzi kaja osanyamula zonsezi? Apa ambiri amatulutsa main momwe ilili nkuwonongera anthu zinthu zomwe zimayenda bwinobwino, ena amangoyankha kuti dikirani version ikubwerayo, chonsecho palibe akudziwa tsiku lake. Zimandiwawa kuona zimenezi chifukwa munthu uja anakukhulupirirani nkuika pulogalamu yanu pa ntchito yake, ndipo njira yopewera vutoli siyovuta ayi, imangofuna mugwirizane kamodzi nkumaitsatira.

## Zofunika musanayambe

- Git, makamaka 2.23 kupita mtsogolo chifukwa `git switch` inayambira pamenepo mu 2019. Lembani `git --version` muone. Ngati yanu ndi yakale, `git checkout` igwirabe ntchito.
- Repo ya pa GitHub, GitLab kapena Codeberg, ndipo mukhale ndi mphamvu zosintha ma settings ake.
- Ma test odziyendera okha nthawi iliyonse munthu akapusha, kaya ndi GitHub Actions kaya GitLab CI, dongosolo limeneli ndi lomwe timati CI. Olo akhale ochepa, bola alipo.
- Mafayilo awiri mu repo, CHANGELOG.md ndi RELEASING.md. Yachiwiriyi ndi momwe muzilemba zonse mwagwirizana.
- Munthu mmodzi woyang'anira release imeneyo, wodziwika ndi dzina, amene akati ayi ndiye kuti ndi ayi.

Pa munthuyu musazengereze. A Python amasankha release manager, mwachitsanzo Thomas Wouters ndi amene anayendetsa 3.12 ndi 3.13. Ngati muli awiri okha pa pulojekiti muzisinthana, koma pa release iliyonse adziwike kuti ndi ndani.

## 1. Ikani tsiku kaye, zolowamo zibwere pambuyo

Pali njira ziwiri. Minibasi imadikira idzadze ndiye inyamuke, pomwe basi ya nthawi ikakwana 7 koloko yapita, wochedwa akwere yotsatira. Ma pulojekiti ambiri ang'onoang'ono amayenda ngati minibasi, amati titulutsa feature yakuti ikatha, feature ija osatha, miyezi nkumapita, zinthu zina khumi zomwe zinatha kalekale zili pheee mu main anthu osazilandira. Ine ndikuti tsatani nthawi.

Onani momwe akuluakulu amachitira. Ubuntu imatuluka Epulo ndi Okutobala chaka chilichonse, nambala yake ndi chaka ndi mwezi, 24.04 ndiye kuti Epulo 2024. Python kuyambira 3.9 imatuluka kamodzi pachaka mu Okutobala. Django imatulutsa version yokhala ndi zatsopano pafupifupi miyezi 8 iliyonse. Linux kernel imatenga masabata 9 kapena 10, masabata awiri oyamba ndi olowetsa zatsopano, otsalawo ndi okonza basi, Linus Torvalds, woyambitsa Linux, amatulutsa rc (release candidate, version yoyesera yeniyeni isanatuluke) sabata iliyonse mpaka rc7, pena rc8 akaona kuti zinthu sizinakhazikike.

Kwa pulojekiti ya anthu atatu kapena asanu ogwira madzulo akaweruka kuntchito, miyezi itatu ndi yabwino kuyambira. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lotulutsa, mulembe mu RELEASING.md motere:

- Sabata 1 mpaka 9: zatsopano zikulowa mu main
- Kutha kwa sabata 9: chitseko chatsekedwa, branch ya release yadulidwa, rc yoyamba yatuluka
- Sabata 10 mpaka 12: kukonza ma bug okha
- Lachiwiri la sabata 13: 1.4.0

Pa GitHub pangani Milestone yokhala ndi tsiku limeneli kuti aliyense aziona.

Chenjezo: musaike tsiku lotulutsa pa Lachisanu kapena pafupi ndi Khirisimasi. Bug yaikulu imaonekera mawa lake anthu akayamba kuika, ndipo pamafunika wina akhale pa kompyuta woti ayankhe.

Tsiku limasunthika, koma pa chifukwa chenicheni. Python 3.13 imayenera kutuluka pa 1 Okutobala 2024, anapeza kuti garbage collector yatsopano, mbali yomwe imayeretsa memory, ikuchedwetsa zinthu pa ntchito zina, anaichotsa, natulutsa rc3, version yeniyeni nkutuluka pa 7 Okutobala. Taonani kuti sanadikire kuti chinthucho chikonzedwe, anachichotsa nkupitirira. Kusuntha sabata imodzi kuti muteste mutachotsa chinthu ndi nkhani ina, kusuntha mwezi kuti mnzanu amalize feature yake ndi nkhani inanso, yachiwiriyi muzikana.

## 2. Gwirizanani za manambala

Ngati mulibe chifukwa china tsatani Semantic Versioning, manambala atatu ngati 1.4.2. Yomaliza imakwera mukangokonza bug, yapakati mukawonjezera chatsopano osathyola zakale, yoyamba mukasintha zinthu moti code ya anthu ena isiya kuyenda.

Pambuyo pa 1.9 pamabwera 1.10, si 2.0 ayi, amenewa si ma decimal. Ndipo pa ma rc lembani 1.4.0-rc.1 ndi kadontho, chifukwa malamulo a SemVer akaona rc10 ndi rc2 opanda kadontho amaziwerenga ngati zilembo ndipo rc10 imakhala yotsika kuposa rc2. A ma package a Python amalemba 1.4.0rc1, iwo amatsata malamulo awoawo otchedwa PEP 440.

## 3. Tetezani main, ntchito ichitikire pa ma branch aafupi

Lowani mu settings mutseke kuti wina aliyense, inu nomwe, asapushe molunjika ku main. Chilichonse chizidzera pa pull request (pempho loti zosintha zanu zilowe), ma test adutse, wina awerenge. Tsekaninso force push.

Ntchito iliyonse iyambire pa main yatsopano:

`git switch main`
`git pull`
`git switch -c konza-apostrophe`

Branch ngati iyi isakhale masabata ambiri. Ikakhalitsa imatalikirana ndi main ndipo tsiku lophatikiza mudzathera usiku wonse pa ma conflict. Feature ikakhala yaikulu iduleni tizidutswa, tizilowa mu main titabisika kuseri kwa ka setting kozimitsa, mudzayatse ikatha.

Mwina munaonapo chithunzi chija cha git-flow chokhala ndi develop, master, release, hotfix ndi mizere yopingasana. Anachilemba Vincent Driessen mu 2010, ndipo mu 2020 mwini wakeyo anawonjezerapo mawu kuti kwa anthu omwe amatulutsa pafupipafupi monga ma web app njira yosavuta ngati GitHub flow ndi yabwino. Ine pa pulojekiti yaing'ono sindiona phindu la develop, main imodzi ndi ma branch a release zakwana, ndi momwenso Python, Django ndi PostgreSQL amayendera.

Chinthu chimodzi chidzakuthandizeni kwambiri pa sitepe 6: pull request yokonza bug ikhale yokonza bug yokhayo. Osaphatikizamo kusintha maina a ma variable, kukonza ma space, kapena kafeature komwe munakaganizira muli mkati. Mukamaphatikiza gwiritsani squash kuti fix yonse ikhale commit imodzi.

## 4. Tsiku lotseka chitseko, dulani branch ya release

Kutatsala sabata kumbutsani anthu. Tsikulo likafika onani kuti ma test pa main ndi obiriwira kenako:

`git switch main`
`git pull`
`git switch -c release/1.4`
`git push -u origin release/1.4`

Dzina la branch likhale ndi manambala awiri okha, 1.4, chifukwa 1.4.0, 1.4.1, 1.4.2 onse adzatuluka pa branch imodzi yomweyi. A Django amaitcha stable/4.2.x, a PostgreSQL REL_16_STABLE, a Kubernetes release-1.29, a Python amangoti 3.13. Sankhani kalembedwe kamodzi musasinthenso.

Mukadula, bwererani ku main pompo mukweze nambala kukhala 1.5.0-dev, kuti amene akufuna kupitiriza zatsopano apitirize osadikira. Phindu lenileni la branch ya release ndi limeneli, main siima. Python imachita izi pa beta yoyamba, ya 3.13 inatuluka mu Meyi 2024, kuchokera pamenepo main inakhala ya 3.14 pomwe 3.13 yeniyeniyo inali isanatuluke kwa miyezi ina isanu.

Chenjezo loyamba: ngati muli kale ndi branch yotchedwa release basi, Git ikana kupanga release/1.4, chifukwa imasunga maina ngati mafayilo ndi mafoda ndipo chinthu chimodzi sichingakhale zonse ziwiri. Chotsani kapena sinthani dzina la yakaleyo.

Chenjezo lachiwiri: chitetezo chomwe munaika pa main sichifika chokha pa branch yatsopano. Ikani lamulo la `release/*` kuti ligwire onse, ndipo tsegulani fayilo ya CI muone ngati ma test akuyendanso pa ma branch amenewa, kawirikawiri munalembedwa main yokha.

Ndiye padzabwera munthu, nthawi zonse amabwera, kuti akulu yanga yangotsala pang'ono, mawa imalizika, ilowe nawo. Yankho ndi loti ilowa mu 1.5 yomwe tsiku lake lalembedwa kale. Muyankheni mwaulemu, mumuthokoze, anthu awa amagwira ulere ndipo nthawi yawo ndi yamtengo, koma musatsegule chitseko, mukatsegulira mmodzi simudzatha kukaniza wachiwiri.

## 5. Tulutsani rc anthu ayese

Muli pa release/1.4, sinthani nambala ya version mu code, pangani commit, kenako:

`git tag -a v1.4.0-rc.1 -m "1.4.0 rc 1"`
`git push origin release/1.4`
`git push origin v1.4.0-rc.1`

Tag ndi chizindikiro chokhomedwa pa commit imodzi chonena kuti version yakuti ndi iyi. Ka `-a` musakaiwale. Kamapanga tag yosunga dzina la woika, tsiku ndi uthenga, ndipo `git describe` imayang'ana ma tag amtundu umenewu pokhapokha mutaiuza zina. Komanso `git push` payokha situmiza ma tag, anthu ambiri amadabwa kuti tag ili pa laputopu koma pa GitHub palibe.

Tag iyambe ndi v, branch iyambe ndi release/. Mukazipatsa dzina lofanana Git iyamba kudandaula kuti refname is ambiguous ndipo tsiku lina mudzatenga china mukuganiza kuti ndi china.

Rc yongoikidwa osauza munthu ndi yopanda ntchito. Pezani anthu awiri atatu omwe amagwiritsadi ntchito pulogalamuyo, alembereni mwachindunji, muwapemphe ayese makamaka kukweza kuchoka pa 1.3 ndi data yawo yeniyeni atasunga backup. Kuika pa kompyuta yopanda kanthu kumayenda nthawi zonse, zimathyoka ndi za munthu amene ali ndi database ya zaka zitatu.

## 6. Bug ikapezeka, konzani ku main kaye kenako mutengere ku release

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu amaphonya kwambiri.

Bug yapezeka mu rc kapena mu 1.4.0. Mtima umafuna kuthamangira ku release/1.4 nkukonza komweko poti ndi komwe moto wayaka. Mukatero fix ija ikhala ku 1.4 kokha, mumati ndidzaitengera ku main mawa, mawa lake kwabwera zina, pakutha miyezi itatu 1.5.0 yatuluka ndipo bug yomwe ija yabwerera, munthu yemwe anakuthokozani uja walembanso issue. Palibe chimachotsa chikhulupiriro ngati bug yobwerera. Nchifukwa chake malamulo a ma stable kernel a Linux amanena kuti fix isanalowe ku stable iyenera kukhala italowa kale mu tree ya Linus, iyo kapena yofanana nayo.

Ndiye dongosolo lake ndi ili. Konzani pa branch yochokera ku main, muikemo test yogwira bug imeneyo, pull request ilowe mu main. Pezani hash yake, nambala yodziwira commit ija:

`git switch main`
`git pull`
`git log --oneline -5`

Tinene kuti ndi a1b2c3d. Tsopano tengerani commit imeneyi yokha ku release ndi cherry-pick, kutengera kotereku ndi komwe timati backport:

`git switch release/1.4`
`git pull`
`git switch -c backport-apostrophe-1.4`
`git cherry-pick -x a1b2c3d`
`git push -u origin backport-apostrophe-1.4`

Tsegulani pull request, ndipo yang'anitsitsani kuti ikulowera ku release/1.4, chifukwa GitHub imakuikirani main yokha mukapanda kusintha.

Ka `-x` kamawonjezera mzere pansi pa uthenga wa commit wonena kuti cherry picked from commit ndi hash yonse ya komwe yachokera. Kakuoneka kachabechabe lero, koma pakatha chaka wina akadzafunsa kuti kodi fix yakuti ilimo mu 1.4.3, mudzangosaka hash ija mu log nkuyankha pa mphindi imodzi. A Django amawonjezeranso nambala ya branch kumayambiriro kwa uthenga wa commit kuti izioneka msanga. A Python anafika poika bot, amangomata label yoti needs backport to 3.13 pa pull request, ikalowa mu main bot yotchedwa miss-islington imatsegula yokha pull request ya ku branch inayo. Inu yambani ndi label yokhayo, pangani yoti backport-1.4, muziimata pa fix iliyonse yoyenera ndipo muziichotsa ntchito ikachitika, tsiku lotulutsa muzingoona ngati yatsala ina.

Cherry-pick ikagunda conflict musachite mantha, zimachitika poti main yapita patsogolo. Tsegulani mafayilo omwe Git yatchula, konzani, `git add` kenako `git cherry-pick --continue`. Mukaona kuti zasokonekera, `git cherry-pick --abort` ikubwezerani pomwe munali. Koma samalani apa, conflict ikamafuna kuti mutengenso ma commit ena atatu a feature yatsopano kuti fix igwire, imani. Lembani fix ina yaing'ono yoyenera code ya 1.4, mu uthenga wake mutchule hash ya ku main. Mukayamba kukoka ma commit ena mudzazindikira mwabweretsa theka la main mu branch yomwe imayenera kukhala yodekha.

Ngati fix inalowa ndi merge commit osati squash, Git ikana nkukufunsani mbali, pamenepo ndi `git cherry-pick -x -m 1 a1b2c3d`.

Nanga bug ikakhala ku 1.4 kokha chifukwa code imeneyo ku main inachotsedwa kale? Pamenepo konzani ku release molunjika, palibe chotengera, koma lembani mu pull request chifukwa chake sikudzera ku main.

Si fix iliyonse yoyenera kutengedwa. Funsani mafunso awa, kodi ikukonza chinthu chomwe chikupweteka anthu panopa, monga kugwa kwa pulogalamu, kutayika kwa data, chibowo cha chitetezo, kapena chinthu chomwe chimayenda mu 1.3 nkusiya mu 1.4? Kodi ndi yaing'ono moti munthu angaiwerenge yonse nkuimvetsa? Ngati yankho ndi ayi idikire 1.5. Munthu amene akukweza kuchoka pa 1.4.0 kupita pa 1.4.1 amayembekeza kuti palibe chisinthe kupatula kuti bug yatha, ena amakweza osayesa nkomwe chifukwa akudalira lonjezo limenelo.

Musanatulutse chilichonse yendetsani iyi:

`git log --oneline --cherry-pick --right-only main...release/1.4`

Madontho ndi atatu. Ikuonetsani ma commit omwe ali ku release koma ku main kulibe ofanana nawo. Muyenera kuonamo okweza nambala ya version, ndi ma backport omwe munakonza conflict pamanja poti amenewo Git imawaona ngati osiyana. China chilichonse chachilendo chifufuzeni, mwina ndi fix yomwe wina anaiwala kupititsa ku main.

## 7. Tsiku lotulutsa

Ngati rc yomaliza yakhala masiku angapo popanda bug yaikulu, 1.4.0 ikhale code yomweyo, kusiyana kwake nambala ndi CHANGELOG basi. Mukalowetsa fix ina m'mawa wa tsikulo ndiye kuti mukutulutsa chinthu chomwe palibe anayesa, bola mutulutse rc ina nkudikira masiku awiri.

Kuti mulembe CHANGELOG onani zomwe zalowa:

`git log --oneline v1.3.0..release/1.4`
`git shortlog -sn v1.3.0..release/1.4`

Yachiwiriyo ikupatsani maina a onse omwe anathandiza, athokozeni ndi maina awo, wokonza chilembo chimodzi yemwe. Koma osangokopera log nkumata, lembani m'chinenero cha anthu, ndipo pamwamba penipeni muike zomwe zingathyole zinthu za munthu ndi zomwe achite asanakweze.

Kenako commit, `git tag -a v1.4.0 -m "1.4.0"`, pushani branch ndi tag. Ngati muli ndi kiyi ya GPG gwiritsani `-s` m'malo mwa `-a` kuti tag ikhale yosainidwa.

Mafayilo omwe anthu adzatenge amangidwe ndi CI kuchokera pa tag, osati pa laputopu yanu pomwe mwina pali mafayilo osalowa mu commit. Iyi si nkhani yaukhondo chabe. Mu Malichi 2024 Andres Freund anatulukira backdoor, khomo lobisika lolowera akuba, mu pulogalamu yopanikiza mafayilo yotchedwa xz, ma version 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo mbali ina yomwe imayambitsa chiwembucho inali mu mafayilo otulutsidwa kuti anthu atenge (ma tarball) koma mu Git munalibe, ndiye owerenga code pa repo sakanaiona. Zomwe mwatulutsa zizifanana ndi zomwe zili pa tag, ndipo munthu wina azitha kutsimikiza yekha.

Chenjezo lalikulu: tag ikangopushidwa isasunthidwenso. Mwapeza cholakwika patatha mphindi khumi, musafufute tag nkuikanso pa commit ina. Anthu omwe anapanga fetch kale atsala ndi yakale chifukwa Git siisintha yokha, nde padzakhala ma v1.4.0 awiri osiyana padziko ndipo bug report iliyonse idzakhala yosamveka. PyPI ndi npm, malo otumizako ma package, salola nkomwe kutumizanso nambala yomwe inagwiritsidwa kale ntchito. Tulutsani 1.4.1, manambala satha.

Mukamaliza tengerani CHANGELOG ya 1.4.0 ku main kuti mbiri isasiyane.

## 8. Ma 1.4.1 ndi nkhani za chitetezo

Kuchokera apa ndi kubwereza sitepe 6 ndi 7 pa branch yomweyo. Mutha kuikiranso masiku, a PostgreSQL amatulutsa zokonza zawo Lachinayi lachiwiri la Febuluwale, Meyi, Ogasiti ndi Novembala, oyang'anira ma server amadziwiratu nkukonzekera.

Chibowo cha chitetezo chokha ndi chomwe sichidzera pa pull request yoonekera, chifukwa mukakonza poyera ku main mwauza akuba pomwe pali khomo anthu asanalandire fix. Ikani SECURITY.md yonena komwe anthu angakuuzeni mwachinsinsi, konzerani pa fork yobisika yomwe GitHub imapereka pansi pa security advisory, konzekeranitu ma backport a ma branch onse omwe mukuwasamalira, kenako zonse zituluke tsiku limodzi.

## 9. Nenani poyera ma version omwe mukusamalira, enawo atsekeni

Branch ya release iliyonse yamoyo ndi ntchito yowonjezera pa fix iliyonse. Python ndi PostgreSQL amasamalira version kwa zaka 5, ma LTS a Django (ma version osamalidwa nthawi yaitali) zaka 3, koma iwo ali ndi anthu ambiri. Inu ngati muli atatu lonjezani yatsopano ndi imodzi yam'mbuyo pa zachitetezo zokha, lembani mu README ndi tsiku lomwe iliyonse idzasiye kulandira zokonza. Ganiziraninso omwe amagwiritsa ntchito, ngati ndi ma ofesi kapena zipatala komwe kukweza kumafuna munthu ayende ulendo kukafika pa server, miyezi itatu ndi yochepa, bola kutulutsa kawiri pachaka nkusamalira nthawi yotalikirapo.

Nthawi ikakwana tulutsani yomaliza, lengezani, kenako branch muikhome kuti isalandirenso kanthu kapena muifufute, ma tag ndi omwe amasunga mbiri ndipo amenewo sachotsedwa.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kupanga merge main kulowa mu release. Munthu akufuna fix imodzi, waona kuti cherry-pick ndi yotopetsa, walemba `git merge main` ali pa release/1.4, zonse za 1.5 zalowa. Ngati simunapushe, `git reset --hard origin/release/1.4` ikupulumutsani. Ngati mwapusha, `git revert -m 1` ndi hash ya merge ija, ndipo muuze anzanu zomwe zachitika.

Rebase kapena force push pa branch yomwe ena akugwiritsa ntchito. Pa branch yanu nokha chitani momwe mufunira, pa main ndi release/ ayi, ma hash amasintha, ma tag amatsala akuloza ma commit omwe salinso pa branch, ndipo mizere ija ya `-x` imasanduka yopanda tanthauzo.

Nambala ya version yolembedwa malo anayi. Tag ikuti 1.4.1, pulogalamu ukaifunsa ikuti 1.4.0, nde munthu akanena bug simudziwa ali pa iti. Isungeni malo amodzi, kapena CI izikana kumanga ngati tag ndi nambala ya mu code zasiyana.

Kukweza ma dependency pa branch ya release popanda chifukwa. Bot ngati Dependabot iloze ku main. Ku release kwezani library pokhapokha ili ndi chibowo cha chitetezo, ndipo kwezani pang'ono momwe mungathere.

Kusintha database mu patch release. Migration, kusintha kamangidwe ka database, mu 1.4.2 imapangitsa kuti munthu asathe kubwerera ku 1.4.1 zikavuta, komanso imatha kugundana ndi ma migration omwe ali kale ku main podzakweza kupita ku 1.5. Isungireni version yokweza nambala yapakati monga 1.5, kupatula ngati data ikuwonongeka.

Release yodziwa munthu mmodzi. Ma password a PyPI ali ndi iye, masitepe ali m'mutu mwake, akadwala kapena akapeza ntchito ina pulojekiti yaima ngakhale code ikulowabe. Release yotsatira muipereke kwa munthu wina aiyendetse pongowerenga RELEASING.md inu muli pambali osalankhula, paliponse pomwe wakakamira nkufunsa ndiye kuti pakusowa mzere mu fayiloyo, ulembeni nthawi yomweyo, ndipo anthu osachepera awiri akhale ndi mphamvu zotulutsa pa GitHub ndi pa registry yomwe mumatumizako monga PyPI kapena npm.